Kanyenya wa a Fackson Namakhwa

A Fackson Namakhwa anabadwira m'nyumba za antchito pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ndipo anakulira pomwepo. Mayi awo ankathyola tiyi. A Fackson anaphunzira kukonza makina m'fakitale, nakwatira Salome, mkazi wa ku Changata yemwenso ankathyola tiyi. Bambowa anali munthu wa Sabata wosaphonya kutchalitchi, ndipo nkhumba sanailaweko chibadwire.

Chaka china eni esiteti anagula makina othyolera tiyi ku China, ndipo anasankha a Fackson kuti apite akaphunzire kakonzedwe kake. Tsiku lonyamuka, akapitawo ndi othyola tiyi omwe anawaperekeza mpaka pamsewu. Salome anawaikira mtedza wokazinga m'chikwama.

Kumeneko, mumzinda wa Xi'an, njala inawagwira. Chakudya chilichonse cha kumalo ophunzirira ankachikayikira kuti muli nkhumba, ndipo kufunsa sankatha. Ankangodya mpunga wopanda ndiwo, mtedza uja utatha. Mayi wina yemwe ankawamasulira chilankhulo anaona kuti lamba wayamba kukhwepa.

"Bambo Fackson, mukudwala?"

"Ayi mayi, koma nkhumba ine sindidya."

Mayiyo anaseka, ndipo madzulo ake anawatengera kumsika wa Asilamu. Kunali utsi, magetsi, anthu kuthithikana ngati pa Bvumbwe tsiku la msika. Mkulu wina wovala kachisoti koyera ankawotcha nyama ya nkhosa yotungidwa patimitengo, akuwaza tsabola ndi tinjere tina tonunkhira. Atauzidwa za mlendoyo, anadzimenya pachifuwa, kenako analoza a Fackson, kusonyeza kuti nayenso nkhumba sadya. Anawakokera mpando, nawapatsa nyama ndi buledi wophwatalala wotentha. A Fackson anadya mpaka misozi. Kuyambira pamenepo, madzulo aliwonse anali pa mkulu uja. Sankamvana mawu, koma ankakhala limodzi.

Atabwera kumudzi, nkhani inali yomweyo. Kutchalitchi, kufakitale, ngakhale pamaliro, a Fackson ankafotokoza za nyama ija mpaka anthu anawatcha aTchaina.

Kenako makina anafika. Ntchito ya anthu ambiri inayamba kugwiridwa ndi anthu ochepa, ndipo othyola tiyi anayamba kuuzidwa kuti akapume. Salome anali m'gulu loyamba. Anthu omwe anawaperekeza pamsewu aja anasiya kuwapatsa moni.

"Mwatibweretsera njala, aTchaina," anatero mayi wina pampopi. "Inu munkadya nyama kwinaku mukugulitsa manja athu."

A Fackson anafika kunyumba nkhope ili yakugwa.

"Kodi makinawo ndinagula ndine?"

"Simunagule," anayankha Salome osawayang'ana, "koma akafa amawadzutsa ndi inuyo."

Sipanapite nthawi yaitali, esiteti inalemba anyamata a kusukulu ya ntchito zamanja, ndipo a Fackson anauzidwa kuti awaphunzitse. Atawaphunzitsa, nawonso anapumitsidwa, ndipo nyumba ya kampani inalandidwa.

Anapita pa Bvumbwe ndi mbaula, akuti ayambe kanyenya wa mtundu umene anthu sanaulawepo. Nkhosa zinali zosowa, ndiye ankawotcha mbuzi. Tinjere tonunkhira tija anakatipeza m'sitolo ya mmwenye ku Limbe. Anthu ankalawa n'kukwinya nkhope.

"Achimwene, nyamayi mwaithira mankhwala anji? Tipatseni ya mchere basi."

A Fackson nawonso akalawa ankadziwa kuti sikufanana ndi ya mkulu uja. Anasintha makala, anasintha kadulidwe, anasema timitengo tatsopano, koma ayi ndithu. Loweruka, pamene owotcha anzawo ankagulitsa kwambiri, iwo ankakhala kutchalitchi. Nyama yotsala inkaonongeka.

Salome anapirira mvula imodzi. Kenako anamanga katundu wake, natenga mwana wawo Lilly, kubwerera kwawo ku Changata kumene anali ndi kamunda ka nandolo ndi chinangwa.

"Tiyeni tonse," anatero ali pakhomo.

"Ndikakhala bwanji pakati pa abale ako? Theka la iwo linachotsedwa ntchito chifukwa cha makina aja."

Salome sanakakamize.

Mbaula ija anaisiya kwa mnzawo wokazinga tchipisi. Lero a Fackson amakhala kwa mlongo wawo ku Goliati, m'kanyumba komwe kale ankasungiramo mbuzi. Amalima maganyu m'madimba a tomato ndi kabichi, msana unapindika, ndipo maso sakuonanso bwino. Lilly anakwatiwa iwo osaitanidwa. Anangomva kwa woyendetsa kabaza.

Mwezi watha kunabwera mphunzitsi watsopano pasukulu ya pafupi, dzina lake Crispin. Atamva kuti m'mudzimo muli munthu yemwe anakwerapo ndege, anawapeza kudimba akuthirira.

"Bambo, akuti inu munapitako ku China. Mungabwere mudzawafotokozere ana a sukulu?"

A Fackson anatula chitini, napukuta manja pathalauza.

"Anakunamizani, aphunzitsi. Ine ku Limbe ndiye kutali kumene ndinafikako."

Anatolanso chitini chija n'kutsikira kumtsinje.