Mlonda wa a Sikelo

Dzina loti a Sikelo anawapatsa ndi anzawo a kuntchito, ku kampani yosindikiza mabuku kumene amakonza makompyuta, ndipo mkazi wawo, namwino wa kuchipinda cha ana, sanalitsutsepo ngakhale tsiku limodzi. Bambowa sagula chinthu asanachiyerekeze ndi zinzake ziwiri. Kugula ketulo kunawatengera milungu isanu, banja likuwiritsa madzi m'poto. Mwana woyamba anakhala masiku khumi ndi awiri wopanda dzina, bambo ake ali jijirijijiri ndi pepala lodula mizere, mpaka apongozi anafunsa ngati mwanayo adzayambe sukulu akutchedwa "iwe". Mlamu wake anamutsinanso khutu namwinoyo kuti pa nthawi ya chibwenzi nayenso anali pa pepala lotero, pamodzi ndi atsikana ena awiri. Sanafunse kuti anapambana ndi mamalikisi angati.

Chaka chimenecho namwino ankamaliza maphunziro owonjezera ku koleji. Chinatsala n'kutumiza kafukufuku wake kudzera pa tsamba la koleji la pa intaneti, Lachisanu isanakwane 12 koloko masana. Wochedwa ankadikira chaka china chathunthu, ndipo iye anali atapirira kale zaka ziwiri akuthamanga pakati pa odwala ndi mabuku.

Mu laputopu yake munali chipwirikiti. Munali failo yotchedwa "yomaliza", ina "yomaliza 2", ina "yomaliza yeniyeni", inanso "iyi ndiye". Tsiku lina anatha maola atatu akukonza mutu wachitatu, kenako n'kuzindikira kuti wakonza m'failo ya mwezi watha. Komanso anali ndi kamatenda kake: akati angosuzumira kavidiyo kamodzi ka anthu osoka makatani, ankadzidzimuka ola litapita. Zonsezi akanatha kufa nazo mumtima. Kulakwa kwake kunali kudandaula mokweza amuna ake ali pomwepo.

"Amayi, mavuto anu ndi awiri," anatero a Sikelo, maso akuwala ngati mwana woona maswiti. "Mukufunika chosunga mbiri ya zimene mukulemba, ndiponso chotsekera masamba okusokonezani. Ndipatseni masiku awiri."

Masiku awiriwo anabereka khumi ndi awiri. A Sikelo salola m'nyumba mwawo pulogalamu yobisa za m'mimba mwake. Amafuna zija zaulere zimene aliyense angazitsegule n'kuona mmene zinapangidwira, ndiye anazisaka zonse. Zosunga mbiri anapeza zitatu, ndipo namwino anazimva pa chakudya cha m'mawa, pochapa, ngakhale akutsuka mano. Yoyamba inali yamphamvu, yogwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri, koma yofuna kulemba malamulo pa kabokosi kakuda. Yachiwiri inali yopepuka, koma ikakuvuta wokuthandiza ngwosowa. Yachitatu inali ya mabatani okongola, kungoti eni ake anali asanaikhudze zaka zinayi.

"Nanga inuyo mwakonda iti?" anafunsa a Sikelo.

"Ndakonda laputopu yanga, abambo. Ndi tsiku lachinayi ili ndikulemba pa pepala."

A Sikelo anasankha yoyamba ija. Mafailo onse anawaphatikiza kukhala imodzi, n'kumuphunzitsa kuti akamaliza kachigawo kalikonse azisunga ndi kulembapo mzere umodzi wonena zimene wasintha. Kope lina linkapita lokha ku tsamba losungira la pa intaneti. Namwino ankamvera, koma mizereyo ankailemba ndi mtima wake wonse, poganiza kuti palibe adzaiwerenge.

Zotsekera masamba a Sikelo anaziyesa pa iwo eni, ngati wakuba woyesa maloko. Ina inkatseka khomo limodzi n'kusiya lakuseri pululu. Ina inkangofunsa kuti, "Mukutsimikiza?" ukavomera n'kukulowetsa. Iyo anaiseka kuti ndi mlonda wotsegulira aliyense womupatsa moni. Yomaliza ndiyo inawakomera. Ukaitchera nthawi, kaya uzimitse kompyuta, kaya uifufute pulogalamuyo, siimva kupepesa. Anaitcha Mlonda. Loweruka masana anaiika pa laputopu ndi pa foni pomwe, masiku asanu ndi awiri, ndipo m'malo motchula masamba oti atsekedwe, anatseka intaneti yonse n'kulola atatu okha: laibulale ya koleji, dikishonale ndi tsamba losungira lija.

Kunena mosapsatira, mlungu umenewo namwino analemba kuposa mwezi wonse wapitawo. Lachinayi madzulo dzuwa lisanalowe anali atamaliza. Anaganiza zotumiza m'mawa mutu uli wozizira.

Lachisanu 9 koloko anatsegula tsamba lotumizira. Panabwera tsamba loyera ndi mawu a Mlonda akuti, "Bwererani ku ntchito yanu."

"Abambo! Tabwerani mudzaone m'bale wanuyu."

A Sikelo anali atavala kale nsapato za kuntchito. Anawerama, nawerenga. Laibulale ya koleji inali ndi adiresi yake, tsamba lotumizira linalinso ndi yake. Munthu amene anayerekeza mapulogalamu asanu ndi imodzi pa mizere makumi atatu anali asanafunse funso limodzi lokha, lakuti ntchitoyo idzatuluka bwanji m'nyumbamo.

"Musade nkhawa. Pali njira zitatu zomulambalalira."

"Sindikufuna zitatu. Ndikufuna imodzi yogwira."

Namwino anawakhulupirira, ndipo mpaka lero amadzida nazo. Njira yoyamba inadya mphindi makumi anayi. Yachiwiri inazimitsa laputopu kawiri. Pamene a Sikelo anayamba kufotokoza ubwino ndi kuipa kwa yachitatu, ndi kamawu kena konyadira kuti Mlonda ngwolimbadi, wotchi ya pakhoma inali itadutsa 11 koloko. Namwino anawalanda laputopu, nakopera failo mu fulashi, n'kuliyatsa liwiro la ku sitolo ya mapepala ya pa kona. Kumeneko anapeza bambo wina akusindikiza makalata ofunsira ntchito, aliyense payekhapayekha. Kompyuta ya pa sitoloyo inali nkhalamba yoganiza kaye isanachite kanthu. Failo inakwawa, inakwawa, n'kufika kumapeto wotchi ikuti 12:04. Tsamba linayankha kuti nthawi yatha.

Sanabwerere kunyumba, poopa zimene akanayankhula. Anakwera basi ya ku koleji laputopu ili pachifuwa, misozi ya ukali ikumutentha m'maso.

Aphunzitsi oyang'anira kafukufuku anali mayi wa magalasi okhala kunsonga kwa mphuno, ndipo nkhani zotere anazimva zambiri.

"Asisita, aliyense wolowa pakhomopo lero akuti anamaliza dzulo. Wina magetsi, wina mwana wadwala. Umboni wanu uli kuti?"

Mosafuna, namwino anatsegula tsamba losungira lija, limodzi mwa atatu amene Mlonda ankalola. Panali mizere zana ndi makumi asanu ndi limodzi, uliwonse ndi tsiku lake, ola lake ndi zimene zinasintha. Womaliza unali wa Lachinayi 5 koloko madzulo. Aphunzitsi anakankha magalasi nayamba kuwerenga mokweza.

"'Ndakonza mutu wachiwiri, andiima kumsana.' 'Ndachotsa ndime ziwiri, akufotokozabe.' 'Ndawonjezera chithunzi, mwamunayu andipha.'" Mayiyo anaseka mpaka kutsokomola. "Izi munthu sangapeke. Bweretsani fulashiyo, ndailandira. Koma asisita, amuna anuwo ndi akatswiri. Ophunzira anga amataya ntchito chaka ndi chaka. Nayi nambala yanga, andiimbire, adzaphunzitse kalasi yonse."

Mtima unakhala pansi, koma m'basi mkwiyo unabwerera mwa mtundu wina. Munthu yemweyo wamugwetsera m'dzenje, yemweyonso wamuponyera chingwe, ndiye iye athokoze? Ankaona kale mmene nkhaniyi idzakambidwire kwa alendo, kwa apongozi, kwa adzukulu osabadwa, ndi chala chija chimene a Sikelo amakweza akamaphunzitsa.

Anawapeza atakhala pa sitepe ya pakhomo, kuntchito sanapite, chikwama chili pambali. Ankaoneka ngati achepa thupi kuyambira m'mawa.

"Amayi, alandira?"

"Alandira."

A Sikelo anagwira kumaso ndi manja onse awiri. Zaka khumi ndi zinayi za ukwati, namwino anali asanawaonepo ali chonchi.

"Ndikhululukireni. Ndikanakuphetsani chaka chonse. Koma alandira bwanji nthawi itatha?"

Kapepala ka nambala kanali m'thumba la yunifomu, ndipo anakagwira ndi zala. Chisoni chinamugwira, sakanakana. Adzawauza, ndithu adzawauza, ndipo adzawasitira malaya opita nawo ku koleji. Koma mlanduwo ayambe ausenza mpaka Loweruka masana, Mlonda wawo akatsegula chipata.

"Angondimvera chisoni basi," anatero. "Tasunthani ndidutse."