Kagalasi Kamene Bambo Anga Anakatsuka

Ndinanyamuka pa depoti ya Mzuzu cha m'ma 8 koloko m'mawa, kuli nkhungu, nditapakata chikwama pamiyendo. M'chikwamamo munali kabokosi, ndipo m'kabokosimo munali kagalasi kochepa kuposa bokosi la machesi, komwe ndinakadikira miyezi itatu.

Ndimagwira ntchito mu labu pa kachipatala kena kumpoto kwa Nkhata Bay, komwe kumafika boti basi. Maikulosikopu yathu yoyezera makhololo a TB inali itafa chifukwa kagalasi kake kanachita nkhungu. Si galasi lodziyang'anira ayi. Pamwamba pake anamatapo timiyalo topyapyala kwambiri, toti mutang'amba tsitsi limodzi ka chikwi ndiye mwafika pa kamuyalo kamodzi. Timiyaloto timabweza kuwala kwa buluu kuti kugwere pa makhololo, n'kulola kobiriwira kokha kufika m'diso, ndipo tizilombo timaoneka tikuwala. Amene ankadikira kwambiri anali a Longwe, msodzi yemwe anatsokomola mpaka nthiti kuwerengeka. Ndalama yokwerera boti kupita ku chipatala chachikulu analibe, ndipo ine ndinawalonjeza kuti Lachisanu adziwa chomwe chikuwadya.

Minibasi inali ya K6,000, ndipo kondakitala anafuna kuponya chikwama changa kumbuyo, pamwamba pa matumba a kabichi. Ndinakana.

“Muli mazira, anti?”

“Mazira ngolimba,” ndinamuyankha, ndipo anandisiya.

Pa Kavuzi mvula inayamba kuwaza, zenera losatsekeka likundilavulira m'khosi. Pa Mpamba tinaima nthawi yaitali kudikira munthu yemwe ankati ali pafupi, koma anali asanasambe n'komwe. Ndinagula nthochi ndi chinangwa chootcha, n'kumadya ndi dzanja limodzi, linalo lili pa zipi.

Tinatsetserekera m'tauni ya Nkhata Bay nthawi ili cha m'ma 11. Kudoko anandiuza kuti boti lathu linyamuka 2 koloko, mawu omwe kwathu amatanthauza 3 koloko kapena mawa. Ndinaona kuti ndi bwino ndikazonde bambo anga ku Chikale, ndipo ndinayenda wapansi kukwera kachitunda kaja, matope akugwira nsapato.

Bambo anga anagwira ntchito yoperekera zakudya m'mahotela a ku Joni zaka zambiri. Anabwerako ndi jekete yoyera, msana wopindika, ndi chidani chachikulu pa tambula yokhala ndi zidindo za zala. Mpaka lero, asanakupatseni madzi, amayamba ayang'ana tambulayo padzuwa. Chimwalirireni mayi, kupukuta ndi ntchito yokhayo yomwe inawatsalira.

Ndinawaonetsa kabokosiko chifukwa ndinkafuna andinyadire. Ndinatsegula pang'ono, kagalasiko kakusintha mtundu, apa kachikasu, apa kofiirira.

“Aka ndiye kochiza anthu?” anafunsa.

“Kothandiza kuona matenda, ada. N'kodula kwambiri.”

Kudula ndinanena, koma zoti sikakhudzidwa sindinanene. Ndinaika chikwama pampando n'kupita kuseri kukasamba matope aja, kenako mayi oyandikana nawo nyumba anandigwira ndi nkhani za maliro omwe sindinafikeko. Panatha mwina theka la ola.

Nditabwerera ndinawapeza pakhonde atavala magalasi awo, pambali pali sosala ya phulusa losefa ndi kansalu koyera. Kagalasi kanali pa hanki, kali mbee ngati zenera.

“Anthu a masiku ano satha ntchito,” anatero. “Akupatsa chinthu cha chipatala chili ndi mafuta. Anakanirira, mama, koma ndalimbana nawo mpaka achoka.”

Ndinakanyamula n'kukayang'ana padzuwa. Mitundu ija inali itapita, kupatula pang'ono m'makona, ndipo pakati panali timizere tozungulira tosawerengeka. Ndinkafuna kukuwa, koma nkhope yawo inali yowala mwa mtundu womwe ndinali ndisanauone chichitikireni maliro a mayi.

“Yewo, ada,” ndinathokoza. “Kayera.”

Anandiperekeza mpaka pamsewu, n'kundipatsa mapeyala awiri a pa ulendo.

Boti linanyamuka 3 koloko itadutsa, pa K10,000 munthu mmodzi, titapanikizana ndi matumba a simenti, makireti ndi mbuzi imodzi. Ndili padoko ndinali nditaimbira mkulu yemwe anatipezera kagalasiko. Anati kena mwina kapezeka pakatha miyezi ina itatu, ngati opereka thandizo angamve nkhani ya phulusa n'kukhalabe ndi mtima wopereka. Pa nyanja panali mafunde ndipo ambiri ankasanza. Mayi wina wa pambali panga ataona misozi anandipatsa ndimu kuti ndinunkhize, poganiza kuti ndi nseru. Ndinalandira.

Njira yonse ndinkafuna woti ndimukwiyire, koma mlandu unkangobwerera kwa ine. Ndinaphunzira za kuwala zaka zitatu, koma ndinalephera kunena mawu awiri kwa munthu yemwe ndimamudziwa bwino kuposa wina aliyense. Kwathu chinthu ukachilemekeza umachitsuka, ndipo bambo anachilemekeza ndi mphamvu zawo zonse.

Tinakocheza 6 koloko isanakwane. Pamchenga panali akazi a a Longwe, omwe anamva kuti ndikubwera tsiku limenelo. Analowa m'madzi mpaka m'maondo kudzandilandira chikwama, monga tichitira ndi mlendo, ndipo anachisenza pamutu mosamala, akuchigwirira ndi manja onse awiri.

“Mwabwera nako, adokotala?”

“Ndabwera nako.”

“Yewo. Abambo sanadye kuyambira dzulo, koma atamva injini ya boti adzuka, avala malaya. Akuti mawa akhala oyamba pamzere.”

Anatsogola kukwera mtunda wa ku chipatala, akuponda pang'onopang'ono kuti chikwamacho chisagwedezeke, ine ndikutsatira pambuyo.