Chitseko Chimene Tinkasungira Holo

Chitseko cha nyumba yathu ku Kanyama sichinali chathu. Chinali cha holo, ndipo komboni yonse inkadziwa zimenezi.

Holoyo inamangidwa ndi njerwa zootcha azungu asanachoke. Makolo athu ankavinamo, ankaoneramo kanema, ndipo misonkhano yofuna ufulu inkachitikira momwemo. Mkuwa utagwa mtengo, a khonsolo anasiya kuiyang'anira. Mphepo inasasula mbali imodzi ya denga, anthu n'kumaliza zotsalazo. Palibe amene ankati waba, aliyense ankati akusunga. Mabenchi anakasungidwa ku tchalitchi china, malata pa makhitchini, mafelemu a mazenera kwa mayi wina wophika kachasu. Bambo anga, amene ankanyamula katundu wa amalonda ku Kamwala, anasunga chitseko. Chinali cha mukwa, cholemera, chachikulu moti anachita kugumula khoma kuti chikwane.

Kuseri kwa chitsekocho n'kumene bambo ankatiyezera msinkhu. Khrisimasi ikafika ankatiimika mmodzimmodzi, n'kukanda mzere ndi msomali pamwamba pa mutu. Mizere yanga inakwera mpaka kupitirira mpiringidzo. Ya mchimwene wanga inathera pampiringidzo pomwepo, chifukwa kolera inamutenga chaka chimene madzi anadzaza m'nyumba za ku Kanyama. Chithunzi chake tinalibe. Bambo nawo atamwalira, ndinkaona amayi madzulo aliwonse akamatseka pakhomo, chala chawo chachikulu chikudutsa pamzere womaliza uja. 

Zokonza holo zinayamba ndi azibambo amene anachotsedwa ntchito mafakitale atayamba kutsekedwa. Nthawi anali nayo yambiri. Anasankhana komiti, natiitana tonse m'holo yopanda dengayo, dzuwa likutiwotcha pamutu. Tcheyamani, mkulu wina wa imvi amene ankavala tayi ngakhale popita kuchigayo, anati ana athu akukwatirana m'mabala pamene holo ilipo.

"Sitifunsa munthu," anatero. "Aliyense abweze chabe vamene anasunga."

Anthu anaomba m'manja. Amene anaomba kwambiri ndi omwe malata a holo anali pa makhitchini awo, ndipo ndinadziwa kuti sabweza ngakhale msomali. Ine zinandikwiyitsa. Masiku amenewo ndinkadzukira pamzere wa ufa, kuchoka apo kukakhala pamsika ndi tomato amene ankaola asanagulidwe. Mphamvu zokonda nyumba yakale ndinalibe.

"Amayi, tiyeni tiyembekeze ena ayambe," ndinawauza titafika kunyumba. "Tizagona bwanji na khomo losatseka?"

"Atate ako anakamba kuti tisunga chabe," anayankha. "Manje eni ake abwera."

Ndinadziwa kuti nkhani yatha. Iwo ndi bambo anaonana koyamba m'holo momwemo, pa dansi, ndipo mawu a mwamuna wawo sakanawasandutsa bodza. Tinazula chitseko, n'kubwereka wilibala. Amayi anachigoneka mbali ya mizere ili pansi. Ankachita manyazi kuti anthu aona mmene tinakandira katundu wa boma, n'chifukwa chake sanauze aliyense za mizereyo. Pakhomo tinaika chitseko cha malata a mgolo, chimene chinkalira mphepo ikangowomba.

Loweruka lililonse tinkapita kukagwira ntchito. Azimayi tinkatunga madzi ndi kusenza mchenga, azibambo ankakangana za mmene khoma linalili kale. Poyamba tinali gulu, kenaka anthu anayamba kuchepa. Wina maliro, wina ganyu, wina njala basi. Mabenchi angapo anabwerera, malata owerengeka, mafelemu ayi ndithu. Denga linafika pakati n'kuima. Ndinkabwera kunyumba msana ukuwawa, ndikudzifunsa kuti tikuvutikira chiyani. Amayi sanajombepo. Ankaponya maso pakona pamene chitseko chinatsamira khoma, kenaka n'kusenza ndowa yawo. Tsiku lina sichinalipo, ndipo a komiti anatiuza kuti chapita kwa kalipentala kukaikidwa mahinjesi.

Komiti itatopa inagamula kuti holo itsegulidwe choncho, denga latheka lomwelo. Kwaya inaimba, ana anathamangathamanga. Chitseko chinali pamalo pake, chikuwala vanishi, ndipo kunena zoona chinali chinthu chokhacho chokongola pamalopo. Anthu ankachisisita polowa. Amayi anadikira kuti onse adutse, n'kuzungulira kuseri kwake. Ndinaona chala chawo chikukwera kufika pampiringidzo. Chinayenda uku ndi uku, chinatsika, chinakweranso. Thabwa linali see.

Tcheyamani anabwera akumwetulira, tayi ili pakhosi.

"Mwaona, amayi? Kumbuyo chinali na vilonda va misomali, koma ba kalipentala bapala vonse. Manje chili monga cha nyowani."

Ndinafuna kumulalatira pamaso pa anthu onse, koma ndikanati walakwa chiyani? Munthu anapatsidwa chitseko chokandika, anachikonza. Mtima unandiwawa kwambiri, ndipo mpaka lero umandiwawa.

"Mwasewenza bwino," anatero amayi, napinda mawondo pang'ono.

Sitinadikire zakumwa. Tinabwerera kunyumba tikulambalala zithaphwi. Holoyo ilipobe, denga lake silinathe, koma maukwati amachitikiramo nyengo ya chilimwe. Ine ndinalowamonso kamodzi kokha.

Madzulo a tsiku limenelo amayi anakoka chitseko chathu cha malata, namangirira waya pamsomali. Atatero, chala chawo chinakwera chokha, n'kudutsa pa lata lozizira, pamsinkhu womwe uja.