Wilibala ya Ba Mwale yatulutsa nesi

Ba Mwale, dzukani kumene muliko muvineko pang'ono! Tamara wanga uja lero wavala zoyera, ndi nesi tsopano! Ndalulutira mpaka ndodo zanga zoyendera zagwa pansi. Ngozi itandilanda miyendo ndi ntchito, bambo wake n'kusowa ngati utsi, ndinu aneba amene munkamuperekeza kusukulu musanapite kukakankha makala.

Lero ndakumbuka m'mawa wa mayeso ake a giredi naini. Mvula inasandutsa komboni yathu ya Kanyama dziwe, madzi m'mawondo, ine pakhomo ndikungoyang'ana nthawi ikutha. Munatulukira ndi wilibala yanu, mwayalamo saka yoyera. Mtsikana anakana, ati anzake amuseka. Inu mumvekere: "Iwe, manyazi siyalemba mayeso. Kwela, motoka inyamuka!" Munamukankha mukuliza hutala ndi pakamwa, pipiii, anthu pa tuntemba, timashopu ta m'mbali mwa msewu, ali gwaa kuseka. Anafika nsapato zili zouma, inu matope mpaka m'makutu.

Pamaliro panu anthu a kumsika ankati munali munthu wonyamula makala basi. Ndikupita ndi chithunzi cha Tamara kumsika, akaone okha katundu amene munkanyamula.