Zala Ziwiri za Sopo wa Agogo

Sukulu anandilanda ndili giredi naini, ndipo za izo musandifunse. Chimene sanathe kundilanda ndi fungo la sopo lomwe linkadzaza kantemba, kagolosale ka agogo anga aJere ku Chipata, losakanikirana ndi la kapenta komanso fumbi la njinga zonyamula makala.

Agogo anagwira ntchito zaka zambiri ku fakitale ya sopo ku Lusaka, ndipo ankawadziwa mabwana a kampaniyo ndi mphuno. Ankanunkhiza sopo n'kunena kuti, "Uyu ndi wa bwana wadazi uja anabweretsa fungo la mandimu. Amene anamusiyira mpando ankangodziwa kusintha mtundu." Atapuma ntchito ankagula sopo wautali wa kampani yomweyo n'kumamudula ndi ulusi m'zidutswa zisanu ndi chimodzi zofanana, diso limodzi atatsinzina, mpaka ulusiwo ukalire pathabwa.

Chaka china zidutswazo zinachepa. Amake Daliso, oyandikana nafe, amene ankachapira anthu zovala, anaima pamsewu n'kukuwa kuti, "AJere, mwayamba kuba muukalamba? Kasopo aka kakutha ndisanamalize kolala ya malaya!" Anthu anasiya kugula kwa ife. Agogo anasiya kuimba, ngakhale kutchalitchi.

Loweruka lina lole ya kampaniyo inafika kumsika ndi nyimbo, masikipa aulere ndi bwana wamkulu watsopano, wachinyamata wa nsapato zonyezimira. Agogo anakwera pampando n'kutsitsa sopo wathunthu amene anamuika kutsindwi chibwerereni ku Lusaka, wakuda ndi mwaye, wolimba ngati njerwa. Anapita naye kumsika, ine ndili pambuyo.

Bwana atafunsa ngati alipo wa funso, agogo anakwera palole.

"Bwana, tandibwerekani sopo wanu watsopanoyo."

Anawagundanitsa awiriwo n'kuwakweza m'mwamba. Wakale uja anaposa mnzake ndi zala ziwiri.

"Tate, awa ndi mapangidwe amakono," anatero bwana.

"Amakono? Wangayu wakhala akuuma kutsindwi zaka zonsezi. Wanuyu wabadwa dzulo, koma wafupika kale. Akudwala chiyani?"

Msika wonse unafa ndi phwete. Bwanayo anapukuta thukuta, naye anaseka, kenaka anavomera pamaikolofoni kuti mafuta opangira sopo anadula, ndiye m'malo mokweza mtengo anamufupikitsa.

"Bwerezani, bwana," anatero agogo. "Amake Daliso ali kumbuyo uko, makutu awo ali ndi thovu."

Bwana anabwereza, anthu akuimba nthungululu.

Tisanafike n'komwe kunyumba tinapeza amake Daliso ataima pakantemba, akufuna zidutswa ziwiri.

"Ine ndinkadziwa kuti si inu, aJere."

"Nanga kukuwa kuja?"

"Ndinkakuwira kampani. Inu munangopezeka pafupi."

Agogo anaseka mpaka misozi, n'kuvina ingoma pakati pa msewu atavala sikipa yaulere yowafika m'mawondo, mpaka a njinga anachita kuwalambalala. Sindinawaonenso osangalala chotero.

Agogo anatisiya, kantemba ndi kanga tsopano. Ndamva kuti mabwana asinthana kangapo pampando uja, koma sopo sanatalikenso. Munthu akadandaula kuti chidutswa chachepa, sindimunyengerera, ndimamuuza mbiri yonse, afune asafune. Ndipo bwana amene alipo lero adziwe kuti pa sopo aliyense amene ndadula, ndikudikirabe zala zanga ziwiri.