Ndinasiya Mwana Woyamwa Kukafuna Bala Yobisika ku Sanjala

Inu owerenga, ine ndine mayi wachikulire tsopano, ndipo nkhani iyi ndakhala nayo kukhosi zaka zambiri. Ndinalekana ndi mwana wanga akadali pabere chifukwa chofuna kukacheza ndi mwamuna wanga pamalo poti wondidziwa aliyense asandione. Kucheza ndi mwamuna wako si kulakwa ayi. Chimene chinandipweteka ine ndi kubisa, ndipo ndikufuna mumve mmene zinayendera.

Zinachitika ku Lichinga m'zaka za nkhondo. Ine kwathu ndi kunyanja, banja lathu ndi lachisilamu, anthu ogulitsa nsomba zouma. Mwamuna wanga anali wa kumtunda konkuno, Mkhristu, ndipo ankakonza magalimoto pa ofisina ina, ndiye kuti galaja, m'tauni. Ukwati wathu abale anga anaulola monyinyirika. Amalume anga ndiwo anaima ngati nkhoswe, anthu anadya mpunga, nkhani n'kuthera pomwepo. Zokalembetsa ukwati kuboma sitinaziganize n'komwe, poti ambiri nthawi imeneyo tinkangokhala choncho.

Tinkakhala ku Sanjala, limodzi mwa madera a m'tauni omwe timawatcha bairo, pamodzi ndi alamu anga, mlongo wake wa mwamuna wanga. Sanjala wa masiku amenewo anali wa zii. Dzuwa likangopendeka, chisanu chinkatsika m'mitengo ya paini, aliyense n'kutseka chitseko chake. Ine ndinakulira pamalo paphokoso, pomwe anthu amaitanirana malonda tsiku lonse, ndiye bata limenelo linkandisowetsa mtendere. Nditabereka mwana wathu Luiza zinanyanya. M'mawa ndili pamzere wa sopo, masana ndikuchapa matewera, madzulo ndikudikira munthu wobwera atatopa, manja ali mafuta okhaokha, wongodya n'kugona. Ndinkazungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Bambo a Luiza, kodi munandikwatira kuti ndizilondera makoma?" Iwo anaseka. Anati mowa munalibe m'tauni monse chisiyireni sitima kubwera, koma ndikapeza malo abwino oti munthu n'kukhala ndi mkazi wake, tidzapita. Ankaganiza kuti sindingawapeze.

Ndinayamba kufufuza, mwana ali kumbuyo, ngati ndikungodutsa. Bala ya m'tauni ndinaisuzumira pawindo: mashelefu ali mbee, mkati muli asilikali okhaokha. Ina inali ya akuluakulu, pakhomo pali mlonda wokuyang'ana kuyambira kumapazi. Kumunsi kwa bairo yathu kunali zisakasa za kachasu, koma kumeneko kunali ndewu tsiku lililonse. Panali bala imodzi yokha yaulemu, pafupi ndi msika, yomwe mabanja ankapitako Loweruka masana, mowa ukapezeka. Vuto linali loti inayang'anizana ndi mabenchi a nsomba, ndipo pamabenchi amenewo pankakhala anthu akwathu. Ndikanangoponda pakhomo pake, mbiri ikanafika kwa amayi anga nsapato ndisanavule. Ndinaikana.

Wondiuza za malo enawo anali Dona Selina, mnansi wathu wosoka zovala. Anati kumapeto kwa Sanjala, kuseri kwa mabulugamu, kuli nyumba yopanda chikwangwani. Umagogoda chitseko chakumbuyo. Kumeneko kuli mowa wam'mabotolo wa kandonga, wolowa mozemba kuchokera ku Malawi, kuli nkhuku yowotcha, ndiponso nyimbo zoimbitsa ndi batire ya galimoto. Anatsitsa mawu n'kunena kuti opita kumeneko sawonana, ngakhale atakumana mawa lake pamsewu. Mawu amenewo ndiwo anandikola.

Mwamuna wanga sanakondwe nazo. Anandiuza kuti kuntchito akukonza malole ambiri mwachangu, ndipo zikumveka kuti boma likugwira anthu opanda chiphaso cha ntchito, ndi akazi opezeka pamalo omwera mowa opanda amuna awo, kukawasiya kuminda ya boma. Ine ndinati mwamuna ndili naye, ndiopa chiyani? Ndinawaumiriza sabata yonse, mwina mokwiya, mwina moseka, mpaka anagonja.

Apa ndi pamene ndinapalamula. Alamu anga anali munthu wopemphera kwambiri, ndipo ndinkaopa diso lawo. Ndinawauza kuti tikupita kuchipatala kukazonda mnzawo wa bambo wakuntchito, tibwera nyale zisanayatsidwe. Luiza ndinamuyamwitsa mpaka anagona, n'kumusiya pamphasa. Bambo ake anafuna kupita ndi jekete lawo lakuntchito, ine ndinakana, ndinati likununkha dizilo, avale lija anavala paukwati. Chiphaso chawo cha ntchito chinatsala m'thumba la jekete lakalelo, ndipo tonse awiri sitinakumbuke.

Sindikunamizani, malowo anali abwinodi. Pansi posesa bwino, matebulo oyala nsalu, mbaula yamakala pakati kuti anthu aziwotha. Munali mabanja ochepa ndi atsikana angapo. Ndinamwa chakumwa chotsekemera chomwe ndinali ndisanachione chiyambire nkhondo. Mowa ndinangoulawa m'tambula ya bambo, n'kuona kuti ndi wowawa. Tinavina nyimbo imodzi, ndipo ndinaona mwamuna wanga akuseka ngati kale tili pachibwenzi. Komabe mtima sunakhazikike. Ndinkangoyang'ana kuwindo kuona mmene dzuwa lalowera. Mabere atayamba kulasa ndinadziwa kuti mwana wadzuka, ndipo ndinati nyimbo iyi ikatha tizipita.

Nyimboyo isanathe tinamva lole ikuima panja. Amilisiya, asilikali olondera m'madera, analowera zitseko zonse ziwiri. Amuna anawaimika mbali ina, akazi mbali ina. Mwamuna wanga anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Uyu ndi mkazi wanga, tili ndi mwana woyamwa kunyumba."

Mkulu wawo anayankha mosakweza mawu. "Aliyense muno akunena zomwezo. Pepala la ukwati lili kuti? Nanga inuyo chiphaso cha ntchito?"

Ndinawaona bambo a Luiza akupisa m'thumba ili, kenako linalo, kenako n'kundiyang'ana. Tonse anatikweza m'lole.

Anakatitsitsa pabwalo lina lotchinga ndi waya m'tauni momwemo, amuna kwaokha, akazi kwaokha. Kutacha Lamulungu, abale a anthu anayamba kufika. Ena anabwera ndi mlembi wa bairo yawo, ena ndi apongozi, ena atanyamula ana. Munthu akamuchitira umboni, ankamuitana dzina n'kumutulutsa. Ine ndinaima pawaya tsiku lonse, kusuntha uku, kusuntha uko, kuyang'ana nkhope iliyonse yotulukira pakona. Mlembi wa bairo yathu ankatidziwa bwino, anabwera ngakhale kudzaona Luiza atabadwa. Akanangouzidwa, bwenzi nditagona kwathu tsiku lomwelo. Koma akanamuuza ndani? Nthawi imeneyo alamu anga anali kuchipatala, mwana akulira kumbuyo, kulowa chipinda ichi ndi icho kufunsa za ife, mpaka anakasuzumira kunyumba yachisoni. Ankatifuna kumene ndinawauza. Dona Selina ankadziwa, koma anatseka pakamwa poopa kuti amufunsa mmene anaidziwira nyumba ija.

Mwamuna wanga anatuluka abwana ake atamusowa kuntchito n'kuyamba kufunsa. Pofika nthawi imeneyo ife akazi otsala anali atatinyamula kale.

Anatipititsa kumunda wa mbatata kupitirira Chimbonila. Tinkagona m'misasa yaudzu, mphepo ikulowa mbali zonse, ine ndili ndi diresi lomwe lija ndinavinira ndi chitenje chimodzi, chomwe timati kapulana. Njala ndi khasu sindizinena, poti wina aliyense anazilawa m'zaka zimenezo. Chimene sindidzaiwala ndi mabere. Anatupa, kuuma ngati miyala, thupi n'kuyamba kutentha. Diresi linkanyowa pachifuwa, likauma n'kuchita gwa, ntchentche zili pambuyo panga. Mkaka ukatsika ndinkadziwa kuti kwinakwake mwana wanga akulira.

Pamsasapo panali mayi wina wa ku Beira, amene anamubweretsa kale ife tisanafike. Chinyanja sankachidziwa, tinkamvana ndi Chipwitikizi changa chothyokathyoka. Iyeyo anasiya ana atatu kwawo. Ataona mmene ndinkayendera mowerama, anafunditsa madzi m'chitini, n'kunditengera kuseri kwa msasa, n'kundithowa, n'kundifinya. Ndinaluma kapulana kuti ndisakuwe. Mkaka wa Luiza unatayikira pansi, dothi lofiira n'kuumwa ndikuona. Mayiyo anandilangiza kuti ndizifinya m'mawa ndi madzulo kuti usaume, poti tsiku lina ndidzabwerera. Za kubwerera kwake iye sankazitchula.

Sindinkatha kukhala pansi. Ndikamva kulira kwa galimoto ndinkasiya khasu n'kuthamangira kumapeto kwa munda, kapitawo akukalipa pambuyo. Kangapo ndinaganiza zothawa wapansi, koma mfuti zinkamveka cha kumapiri, ndipo tinkadziwa zimene zinkachitikira anthu oyenda okha m'tchire. Ndinkangowerengera mumtima kuti pano mwana wasamba, pano akumupatsa chiyani, kodi akumeza?

Kutauni mwamuna wanga anayenda ofesi ndi ofesi. Kwina ankamuuza kuti abwere mawa, kwina kuti dzina langa sakulidziwa. Pomaliza anamuuza kuti umboni wake wokha sukwanira, abwere ndi wamkulu wa kuchikazi amene anamupatsa mkaziyo. Anadikira kolona, ulendo uja wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, n'kutsikira kunyanja pamsewu womwe anthu ankafera. Anakagwada pamaso pa amalume, amayi anga ali pomwepo, n'kufotokoza kumene anandigwira. Chinthu chimene ndinkabisira wogulitsa nsomba mmodzi, mudzi wonse unachimva tsiku limodzi.

Patapita masabata angapo, masana ena ndili m'munda, ndinaona nkhalamba yovala mkanjo woyera wothimbirira ndi fumbi ikutsika m'lole, mwamuna wanga akuigwira mkono. Anali amalume. Amalume analowa kwa mkulu wa pamundapo n'kunena kuti uyu ndi mwana wa mlongo wanga, ndinamupereka ndine kwa mnyamata uyu, ndipo wonditsutsa abwere. Anandimasula. Ndinathamangira kumsasa kukatsanzika mayi uja, koma anali atapita kukatola nkhuni, ndipo lole sikanadikira. Ndinamusiyira kapulana yanga pamalo ake ogona. Dzina la bambo ake kapena bairo ya kwawo sindinafunse, moti mpaka lero sindidziwa ngati anawaonanso ana ake.

M'njira amalume sanandikalipire. Tili pafupi kulowa m'tauni anangoti, "Mwana wanga, ukanakhala pa bala ya kumsika ija, akwathu akanakuona. Akanakunena, inde, koma akanathamanganso kukakuchitira umboni. Munthu wonenedwa amapezeka."

Nditafika kunyumba, Luiza sindinamuzindikire msanga. Anali atatsala mutu ndi maso. Phala ndi madzi ashuga zinamutsegula m'mimba, ndipo alamu anga anakhala naye m'chipatala, osagona tulo, kumumwetsa ndi kasupuni. Ndinamunyamula, n'kumupatsa bere lija ndinalisunga movutika. Anatembenuza nkhope, n'kulira, manja atatambasulira kwa alamu. Ndinayesa mawa lake, ndinayesa sabata yonse. Sanayamwenso. Alamu anga sananditukwane. Anandifunsa funso limodzi tili awiri kukhitchini: "Mlamu, mukanandiuza zoona, ndikanakumangani miyendo?" 

Mwanayo anachira, koma anakula modwaladwala, ndipo anachedwa kuyenda. Amayi anga anatha zaka osaponda pakhomo panga. Ukwati tinakalembetsa mwezi womwewo, koma ine ndi mwamuna wanga tinakhala nthawi yaitali tikulankhulana zofunika zokhazokha, aliyense akudziimba mlandu payekha.

Inu owerenga, ndikudziwa kuti masiku ano kulibe malole ogwira anthu m'mabala. Koma ngozi sizinathe, zinangosintha nkhope. Ndimaona achinyamata akufunsana za malo achete, akutali ndi maso a anthu, oti akacheze awiriwiri. Kachezeni ndithu, banja limafuna zimenezo, ndipo mkazi wotopa ndi makoma musamuseke. Koma posankha malo musayambe ndi funso loti kodi andiona ndani. Yambani ndi loti, zikandivuta kumeneko, adzandipeza ndani? Malo amene ubwino wake ndi woti palibe akukudziwani, muwaope. Ndipo amene mwamusiyira mwana, kapena nyumba, muuzeni kumene mukupita kwenikweni, ngakhale akuyang'aneni ndi diso loipa. Diso loipa limatha pofika m'mawa. Mnzanu akakuuzani kuti mtima wake ukukayika, musamugonjetse ndi kuumiriza monga ndinachitira ine.

Luiza ndi mayi tsopano, ali ndi ana ake. Amandilemekeza, amandigulira mankhwala, sanandinenepo mawu oipa. Koma akadwala, kapena zikamuvuta m'banja, woyamba kumva ndi azakhali ake. Ine ndimamva pambuyo, zinthu zitatha kale, ndipo ndilibe pakamwa podandaulira.