Chotsani ufiti kaye

Agogo anga sankandilola kumwa chilichonse kwa eni ake woperekayo asanalaweko. Akaiwala, iwo ankalanda kapu yanga, n'kumwako pang'ono, n'kundibwezera. Ankachita zimenezi pamaliro, paukwati, ngakhale kunyumba kwa abusa.

Kwathu ku Ntcheu mwambowu amati kuchotsa ufiti. Si mawu aukali. Mayi akabweretsa thobwa kwa alendo amayamba wamwako yekha, ndipo akaiwala wina amangoti, "Chotsani ufiti, amayi," anthu n'kuseka. Koma agogo sankaseka nawo. Makolo anga anamwalira motsatizana ndili wamng'ono. Kuchipatala anatchula matenda ake, m'mudzi ananena zina. Agogo sanasankhe mbali. Anangoyamba kulawa, ine n'kuyamba kuyang'ana manja a anthu.

Nditabwera ku Amereka ndinafikira ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, kwa mayi ena a kumpingo amene anandipatsa chipinda chapansi. Chakudya chawo ndinkadya mosavuta chifukwa ankalawa ndiwo ndi supuni ine ndikuona. Iwo sankadziwa kuti ndimadikira zimenezo. Anali ndi mwana wamkazi wamsinkhu wanga, wobadwira ku Lilongwe koma wokulira ku Indiana. Chichewa ankamva, koma poyankha ankayankha m'Chingelezi, kupatula mawu angapo amene ankawasunga ngati mbale zodyera alendo. Ine ankanditcha asisi, ine ndinkamutcha achemwali.

Patapita zaka ziwiri ndinapeza ntchito ku nyumba yosamalira okalamba ku Indianapolis, n'kusamukira ku Lawrence, dera la m'mphepete mwa mzindawo. Mumzinda wonsewo munthu amene ndinkamudziwa anali mtsikana yemweyo, amene panthawiyi anali namwino pachipatala china cha pakati pa tawuni. Kuntchito khofi wa m'chipinda chopumira sindinkamukhudza. Ndinkanyamula fulasiki yanga, ndipo anzanga ankangoti ndine wosankha.

Agogo anamwalira kuno ili nyengo ya chipale chofewa. Sindinapite. Maliro ndinaonera pafoni, m'galimoto, pamalo oimika magalimoto a kuntchito, m'mawa shifiti isanayambe. Netiweki inkaduladula, moti bokosi ndinaliona likulowa m'manda kawiri. Kenako ndinalowa mkati kukasambitsa anthu.

Kuchokera pamenepo nsagwada zinayamba kundipweteka. Ndinkadzuka mano atalumana, pachifuwa ngati wina wandimanga chitenje mothinitsa. Dokotala anapima mtima n'kunena kuti ulibe vuto, ndi nkhawa chabe. Ndinamuuza mnzanga namwino uja pafoni, mwachidule, chifukwa ine nkhani zazitali sinditha.

"Asisi, Loweruka ndikubwera kudzakutengani," anatero. "Tipite kukamwa koko."

"Koko ndili naye m'chitini."

Anaseka. Anati si ameneyo. Uyu ndi koko weniweni, wopera kuchokera ku nthanga zake, wopanda mkaka, wopanda shuga, wokhuthala. Anthu amakhala mozungulira, amamwa mwakachetechete, ndipo ena amati amamasula mtima. Iye anati amamuthandiza sabata ikakhala yoipa kuwodi. Kenako anafufuza liwu lachichewa n'kulipeza.

"Ndi mwambo," anatero monyadira.

Nditamva mwambo ndinavala chitenje ndi duku. Titafika, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ina pakati pa tawuni, ndinapeza anthu atavala zothina zochitira masewera, ali osavala nsapato, atakhala pa timikeka ta mphira. Mayi wina wachizungu anayamikira chitenje changa kawiri. Ndinakhala pafupi ndi mnzangayo, miyendo yotambasula, ngati pasiwa.

Wotsogolera anali ndi mphika waukulu patsogolo pake. Anafotokoza kuti chakumwachi anachiphunzira kwa anthu a ku Central America, ndipo kuti aliyense aganizire chimene akufuna kutula. Ndinayang'ana manja ake. Anathira m'makapu, makapu n'kumayenda dzanja ndi dzanja kuzungulira bwalo. Iye sanalawe. Kapu yake anaigwira pachifuwa, maso otseka, n'kunena kuti tonse timwera limodzi.

Yanga inandifika kuchokera m'dzanja la mnzangayo. Inali yofunda, fungo lake ngati dothi lonyowa losakaniza ndi mtedza wopserera. Ndinkafuna kumwa. Ndinali nditatopa ndi nsagwada zija. Koma dzanja linakana kukwera, ndipo amene ankalanda kapu anali atagona ku Ntcheu. Ndinaweramira kwa mnzangayo n'kunong'ona monga tikananong'onera kwathu.

"Achemwali, chotsani ufiti kaye."

Anatsegula maso. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kutsogolo n'kumwa koko wake mpaka kutha. Wanga anazizira m'manja, pamwamba pake n'kuchita kakhungu. Anthu ena analira, ena anagona chagada. Ine ndinawerenga matabwa a denga.

M'galimoto sanayatse wailesi. Titafika pa mageti a nyumba yanga ku Lawrence anazimitsa injini.

"Mawu amenewo ndimawadziwa," anatero m'Chingelezi. "Ufiti ndimaudziwa. Ndakutengani kuti ndikuthandizeni, inu mukuti ndakuikirani mankhwala."

Ndinatsegula pakamwa, koma nkhaniyo inali yaitali, inayambira pa makolo anga, ndipo sindinadziwe pogwira. Ndinangoti, "Si choncho." Iye anayatsa injini.

Panadutsa masabata asanu. Foni yanga inkangolira alamu ndi mauthenga a kuntchito. Loweruka lililonse ndinkapita ku Lafayette Square, kumasitolo a anthu ochokera m'maiko ena, kukagula ufa ndi nsomba zouma, n'kumachedwa dala m'mashelefu kuti ndimve anthu akulankhula, ngakhale zilankhulo zawo sindinkamva. M'sitolo ina ndinaona koko uja, woumbidwa ngati sopo wamtanda. Ndinagula, ndinamuika m'kabati, sindinamutsegule. Kangapo ndinalemba uthenga wofotokoza, n'kuufufuta. M'Chingelezi unkamveka ngati ndikutsimikiza mlandu womwewo.

Kenako mayi a ku South Bend anaimba. Moni sanamalize n'komwe, anali akuseka.

"Iwe mwana, unamuuza chiyani mnzako?"

Ndinawauza.

"Mayo ine. Wakhala nazo mumtima masabata onsewa, dzulo ndi pamene wandiuza, akulira. Akuti asisi akundiyesa mfiti. Lamulungu ubwere. Udiraive wekha, sindikufuna zifukwa."

Ndinanyamuka m'mawa, minda ya chimanga ili mbee mbali zonse, zitsa zokhazokha. Ndinawapeza atabwerako kutchalitchi, ali kukhitchini. Mnzangayo anali pa mbaula akutakasa koko m'kapoto, osatembenuka.

"Chichewa cha theka n'choopsa kuposa kusadziwa," anatero mayiwo. "Uyu amatola liwu limodzi n'kuthawa nalo ngati galu waba fupa. Ndamuuza kuti ine ndachotsa ufiti m'nyumba muno zaka zonsezi, iye akuona ngati ndine wadyera."

"Simunandiuzepo," anatero mwana wawo.

"Unafunsa? Thira, ulawe, umupatse."

Anathira makapu atatu, n'kumwako mu yake. "Ndalawa. Poto ndi mmodzi."

"Kapu ya mnzakoyo," anatero mayiwo.

"Amayi, ine ndine namwino. Kapu imodzi anthu awiri, m'nyengo ya chimfine?"

"Namwino wa chiyani, iwe unkamwa madzi a m'bafa ndikukusambitsa. Lawa."

Anatenga kapu yanga, anamwako, nkhope n'kukwinyika ngakhale anali wozolowera. Anapukuta m'mphepete ndi kapepala, n'kundipatsa ndi dzanja limodzi.

"Manja awiri," anatero mayiwo.

Anawonjezera linalo. Sanandiyang'ane m'maso, koma anati, m'Chichewa chake cholemera lilime, "Imwani, asisi."

Anali wowawa ngati masamba a nimu, wokhuthala, wosiya timchenga palilime. Ndinamwa yense. Patapita kanthawi kumaso kunatentha, mtima n'kuyamba kugunda msanga ngati ndakwera masitepe. Sindikudziwa ngati kumeneko ndiye kumasuka kumene ankanena kuja. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinayamba kulankhula. Ndinawauza za makolo anga, za agogo akulanda kapu pamaso pa abusa, za bokosi lolowa m'manda kawiri. Ndinalankhula mpaka koko wa mayiwo anazizira, iwo n'kunena kuti ndawapulumutsa, chifukwa chinthu chowawa chotere sakanamaliza.

Nsagwada sizinapole tsiku limenelo. Ululu unkachepa pang'onopang'ono, ndipo mpaka pano umabwerera ndikakhala ndi sabata yoipa. Dokotala nditamufunsa za koko anati ndisamamwe wambiri poti amathamangitsa mtima, ndipo zina zonsezo sakanalonjeza. Ku bwalo lija sindinabwerereko. Koma miyezi yotsatira mnzangayo ankabwera ku Lawrence Loweruka lina lililonse akakhala kuti sali pantchito. Tinatsegula mtanda uja wa m'kabati. Ndikaphika ine ndinkalawa kapu yake, iye n'kudandaula za majeremusi, n'kumwa.

Chilimwe chitatha anapeza ntchito ku chigawo china chakutali cha Amereka, n'kusamuka. Timaimbirana, koma mashifiti athu sagwirizana.

Koko ndimaphikabe Loweruka m'mawa. Ndimasenda pang'ono ndi mpeni, ndimatakasa m'madzi otentha mpaka akhuthale, ndimathira m'kapu imodzi. Ndimamwako kamodzi nditaimirira pa mbaula. Kenako ndimaiika patebulo, ndimazungulira mbali inayo, ndimakhala pansi, n'kuilandira ndi manja awiri.